Sopo wa pa foni ndi viniga wa pa kiliniki

Lacitatu lapitali ndinakwela basi ya ku Hospital pa Kulima Tower, ndipo mwatsoka malo ndinawapeza kumpando wakumbuyo, kuja timapanikizana anayi pamalo a anthu atatu. Tisanatuluke n'komwe m'tauni, mnyamata wina wovala yunifomu ya ulonda anandigunda ndi cigongono n'kundionetsa foni yake. Panali cithunzi ca kamnyamata kakuda bwino, kovala jasi loyela la m'labu.

"Ba sister onani," anatelo. "Mwana wa mu Africa apanga sopo yopoletsa khansa. Ati wasamba cabe, yasila. Manje bazungu bazatipatsa ulemu."

Foni inayenda m'manja mwa anthu mpaka kutsogolo. Ba kondakita nawonso anaiwala cenji ca munthu, maso ali pa cithunzi. Bambo wina wa tayi anati nzelu tili nazo ise, vuto ni atsogoleli, ndipo basi yonse inavomela. Kenako amai ena acikulile amene anakhala pafupi ndi citseko, atafumbata envulopu yaikulu ya khaki ija ya ma X-ray, anatembenuka n'kufunsa motsitsa mau: "Mwanangu, igulitsiwa kuti sopo iyo? Ni zingati?"

Palibe anayankha. Mwini foni anati azafufuza. Ine yankho ndinali nalo, koma ndinacita manyazi kuthila madzi pa cimwemwe ca basi yonse, ndipo pamene ndinali kusankha mau, amaiwo anatsika pa Hospital. Candiwawa sabata yonse. Conco lelo ndiyankha pano.

Kamnyamata kaja kaliko ndithu, si nkhani yopeka ya pa WhatsApp. Dzina lake ndi Heman Bekele. Anabadwila ku Addis Ababa, ku Ethiopia, ndipo banja lake linasamukila ku America iye ali ndi zaka 4. Mu 2023, ali ndi zaka 14, anapambana mpikisano wa ana asukulu wochedwa 3M Young Scientist Challenge n'kulandila madola 25,000. Mu 2024 magazini ya TIME inamusankha kukhala mwana wa caka. Ganizo lake n'lakuti mankhwala ochedwa imiquimod, amene madokotala amapeleka kale ngati kilimu wopaka pa mitundu ina ya khansa ya pakhungu, aziikidwa mu sopo mwa njila yoti asacoke onse munthu akatsukuluza, ndipo akhale wochipa. Iye amakamba kuti ganizoli linacokela pa kukumbukila anthu a kwawo amene amagwila nchito pa dzuwa tsiku lonse.

Apa ndiye pathela zoona, ndipo mabodza a pa foni ayambila pomwepa. Sopoyo akali pa kafukufuku. Mwanayo anapatsidwa malo m'labu ya pa Johns Hopkins kuti ayese pa mbewa (anzanga a ku Chipata musameze mate, izi ndi mbewa za m'labu). Kucoka pa mbewa kufika pa munthu pamatenga zaka zambili, ndipo mankhwala oculuka amene amaoneka bwino pa mbewa amagwela m'njila. Olo atadzavomelezedwa, adzakhala wa khansa ya pakhungu cabe. Sadzakhudza ya m'mawele, ya khomo la cibelekelo, kapena ya prostate imene ivutitsa atate athu. Amene angadzapindule kwambili kuno kwathu ndi anzathu acialubino, amene dzuwa limawabweletsela khansa ya pakhungu akali acicepele. Koma iwo cimene afuna lelo lino ndi mafuta oteteza ku dzuwa, cipewa ca mlomo waukulu, ndi dokotala woona cilonda cikali cacing'ono.

Sindifuna kunyoza cimwemwe ca m'basi muja. Anthu a ku Ethiopia anasangalala ndi Heman, ndipo Africa yonse inalowa nawo m'gule. N'zomveka. Munthu amene wakula akumva kuti ca nzelu ciliconse cimabwela pa ndeke, akaona nkhope yonga yake pacikuto ca magazini, mtima umakhala pansi. Mlonda uja anagwila nchito usiku wonse, ndipo cithunzi cija cinamupatsa mphamvu kuposa tiyi. Ndani angamulande zimenezo?

Cimene cimandivuta n'cakuti kunyada kwa mtundu uwu n'kwaulele. Kukanikiza "share" ndi bundle ya K5. Ndipo ndaona kuti amene amakukonda kwambili ndi andale, osati a kuno cabe koma Africa yonse. Mwana wa dziko akapambana kunja, uthenga wa mafuno abwino umatuluka tsiku lomwelo, ndi mbendela pamwamba. Koma funsani kuti dziko linaikapo ciani pa kupambanako. Heman anacoka ali ndi zaka 4. Aphunzitsi a sayansi, mpikisano, labu, mbewa zimene, zonse n'za ku America. Ethiopia inapeleka mwana ndi cikumbukilo ca dzuwa. Si zocepa ayi, koma si zokwanila kuti nduna iimilile pa nsanja ngati kuti inalima mundawo.

Pali munthu wina amene ndifuna timuyang'ane bwino, cifukwa nkhani yake ionetsa kuti kunyadila mwana wa kunja kungakhale ndi nyama mkati. Ndi mai wa ku Nigeria, Pulofesa Olufunmilayo Olopade. Udokotala anauphunzila kwawo, pa University of Ibadan, anatsiliza mu 1980, kenako anapita ku Chicago kumene akali mpaka lelo. Mu 2005 analandila mphoto ya MacArthur, ija amati ya anthu anzelu zapadela, ya madola 500,000, ndipo mu 2011 Pulezidenti Barack Obama anawaika m'bungwe lolangiza boma la America pa nkhani za khansa. Ku Nigeria, akayamba kuchula ana a dziko onyaditsa, dzina lawo silisowa.

Koma mphoto tiziike pambali, tione nchito. A Olopade anadabwa kuti n'cifukwa ciani khansa ya m'mawele imagwila azimai akuda akali aang'ono, ndipo imakhala yaukali. Mabuku amene madokotala anali kuwelenga analembedwa kucokela pa kafukufuku wa azimai aciyela. Conco anabwelela kwawo n'kugwilizana ndi anzawo a ku Ibadan, kuyambila kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, kusonkhanitsa magazi ndi tizidutswa ta zotupa ta azimai a ku Nigeria. Anapeza kuti zotupa zambili zimene anapima kwa azimai a ku West Africa sizinali za mtundu uja umene umakula ndi homoni ya estrogen, pamene kwa azimai aciyela a ku America ndi ku Ulaya mtundu umenewo ndiwo woculuka.

Mwina muti nanga ife za mahomoni zitikhudza bwanji. Zikhudza thumba ndi moyo. Pali mapilisi ochuka a khansa ya m'mawele ochedwa tamoxifen, osadula kwambili, amene munthu amamwa kwa zaka. Nchito yake ndi kutseka pakhomo pamene estrogen imalowela kukadyetsa cotupa. Ngati cotupa canu si ca mtundu wodya estrogen, mapilisiwo ali ngati loko pa citseko ca nyumba ina, wakuba akulowela kwanu. M'zipatala zambili za mu Africa, kumene kunalibe copimila mtundu wa cotupa, tamoxifen anali kupatsidwa mwacisawawa. Kafukufuku wonga wa a Olopade ndiwo anakweza mau akuti pimani coyamba, musapeleke mankhwala mwa kulota. Ndipo nchitoyo sinathele ku Chicago. Madokotala ndi asayansi acinyamata a ku Nigeria anaphunzitsidwa kupyolela m'mgwilizanowo, ndipo mai wa ku Ibadan amene sadzakwelapo ndeke ali ndi gawo pa zimene zinapezeka.

Umu ndi mmene ine ndimapimila kunyada: kodi pali njila yocoka pa mphoto ija kufika pa bedi la wodwala wa kwawo? Kwa a Olopade ilipo. Anaipanga okha, mothandizidwa kwambili ndi ndalama za kafukufuku za ku America. Ici ndico cimene anzathu a ku Lagos sakonda kucikamba mokweza.

Ifenso tili nawo athu. Wodziwika kwambili ndi Pulofesa Kelly Chibale, mwana wa ku Mpika. Iwo nchito yawo yaikulu ndi ya mankhwala a malungo ndi TB, osati khansa kwenikweni, koma njila imene anayenda ndi imodzimodzi. Anaphunzila chemistry pa UNZA pompano pa Great East Road, anagwilako nchito pa Kafironda ku Mufulira, kenako anakatenga PhD ku Cambridge. Kuyambila 1996 ali pa University of Cape Town, kumene mu 2010 anakhazikitsa H3D, malo ofufuzila mankhwala atsopano. Gulu lawo ndilo linatsogolela pa mankhwala a malungo ochedwa MMV048, amene anafika mpaka poyesedwa pa anthu. Mu 2018 magazini ya Fortune inawaika pa mndandanda wa atsogoleli 50 apamwamba pa dziko lonse. Tinaomba m'manja, ndipo anayenela.

Funso limene sitinadzifunse n'lakuti n'cifukwa ciani H3D ili ku Cape Town osati ku Lusaka. Bambo wa tayi uja angati ni atsogoleli, basi. Ine nditi tiwonjezeko. Kafukufuku wa mankhwala si munthu mmodzi wanzelu atakhala pansi pa mtengo wa mango. Afuna makina odula, anthu owakonza akafa, mankhwala a m'labu ofika pa nthawi yake osagona miyezi pa boda, ndi ndalama zosaduka kwa zaka khumi kapena kuposa. Tizidutswa ta zotupa timasungidwa m'mafiliji ozizila kufika pa -80. Manje kumbukilani 2024, Kariba itaphwa, malaiti akupita maola 17 ndi kuposa pa tsiku. Ife tinataya nkhuku za m'filiji n'kulila. Wasayansi genset ikamuthela mafuta angataye nchito ya zaka zisanu usiku umodzi. Maiko a mu African Union anagwilizana kale kuti aziika 1 pelesenti ya cuma ca dziko pa kafukufuku. Zambia sinafikepo, ndipo maiko ambili a mu Africa ali cimodzimodzi.

Conco ine sindili m'gulu la aja amati opita kunja ndi ogulitsa dziko. A Chibale akanakhala kuno, mwina akanakhala mphunzitsi wabwino wolemba pa bolodi za makina amene ophunzila ake sanawaonepo. Kupita kwawo kunapindulitsa Africa. Cimene ndikana ndi kucita ngati kupita kwa anthu otele ndi mphatso imene tinapeleka ku dziko lapansi mwa ufulu. Ambili anacoka cifukwa panalibe pokhala. Ndipo mzele ukali kuyenda. Mu 2023 bungwe la WHO linaika Zambia pa mndandanda wa maiko 55 amene ali ndi anchito a zaumoyo ocepa kwambili, kuti maiko olemela asamabwele kudzawakokolola. Pa nthawi imodzimodzi tili ndi madokotala acinyamata otsiliza maphunzilo amene agwilapo nchito m'zipatala za boma ngati ma volunteer, osalandila kanthu, akuyembekeza kulembedwa. Boma linalemba anchito a zaumoyo opitilila 11,000 mu 2022, ndipo ici n'coyamikika, koma masukulu amatulutsa ena caka ciliconse. Mmodzi wa iwo akadzatopa n'kupita, pakapita zaka 20 tidzaona cithunzi cake pa foni n'kuti ni wathu uyu.

Tsopano ndikuuzeni nkhani imene sindinaionepo ikuyenda m'manja m'basi. Khansa imene imapha azimai ambili m'Zambia ndi ya khomo la cibelekelo. Caka ciliconse azimai opitilila 3,000 amapezeka nayo, ndipo pafupifupi 2,000 amamwalila. Imayamba ndi kacilombo ka HPV, ndipo mai amene ali ndi HIV ali pa ciopsezo coculuka kasanu ndi kamodzi. Ku maiko olemela anaicepetsa ndi kupima kwa Pap smear, kumene kufuna labu ndi akatswili oyang'ana pa maikulosikopu. Ife tinalibe okwanila.

Mu 2006, dokotala wa ku America, Pulofesa Groesbeck Parham, pamodzi ndi dokotala wa kuno kwathu Mulindi Mwanahamuntu ndi anzawo, anayambitsa pulogalamu m'makiliniki a boma a mu Lusaka, mogwilizana ndi Unduna wa Zaumoyo, UTH ndi CIDRZ. Cida cacikulu cinali viniga, yemwe uja timathila pa chips. Nesi amapaka viniga pa khomo la cibelekelo n'kudikila pang'ono. Malo amene ayamba kusintha, asanakhale khansa, amayela. Nesi amajambula ndi kamela, n'kukuza cithunzi kuti aone bwino, ngakhale mwini wake aone, ndipo cikamuvuta amatumiza kwa dokotala. Akapeza malo otelo aang'ono, amawacilitsa tsiku lomwelo, mai n'kubwelela kwawo kukaphika. Zazikulu amatumiza ku cipatala. Njila ya viniga sinatulukilidwe kuno, koma Zambia inali pakati pa maiko oyamba mu Africa kuonetsa kuti manesi angaiyendetse pa anthu oculuka m'makiliniki wamba a boma. Zinalembedwa m'magazini a zaumoyo a kunja, ndipo maiko ena anatengelako phunzilo.

Onani mmene zinthu zatembenukila. Apa wocoka kwawo ndi wa ku America, ndipo labu yake ndi makomboni athu. Nzelu za tsiku ndi tsiku ndi za manesi acizambia amene maina awo sitiwadziwa. Azimai amene ali moyo lelo cifukwa ca iwo timakhala nawo m'basi, atanyamula mabeseni a tomato kucoka ku Soweto. Koma palibe jasi loyela, palibe cikuto ca magazini, ndipo nkhani yake ndi ya kumalo kumene mwambo wathu sulola kuchula pagulu. Conco siyenda pa WhatsApp.

Ndisakometse mopitilila. Pulogalamuyo inaima kwambili pa ndalama za PEPFAR, thandizo la boma la America pa HIV. Kuyambila Januwale 2025, pamene boma la Donald Trump linaimitsa ndi kudula thandizo lambili la kunja, funso lakuti ndani adzalipila zinthu zotele lakhala pakhomo pathu. Cinthu cimene tinganyadile ndi mtima wonse naconso cili pa ndalama za eni ake. Katemela wa HPV wa atsikana, amene anayamba m'dziko lonse mu 2019, nayenso anabwela ndi thandizo la Gavi. Ndipo makolo ena amakaniza ana awo cifukwa ca mphekesela zakuti amatseka mimba, mphekesela zoyenda pa foni zomwezi zimene zinatibweletsela sopo.

Kwa amene khansa yawagwila kale, msewu kwa zaka zambili wakhala umodzi, wa ku Cancer Diseases Hospital pa Nationalist Road, pafupi ndi UTH. Inatsegulidwa mu 2007, nthawi ya a Levy Mwanawasa. Isanakhalepo, wofuna kuwochedwa khansa ndi makina anali kutumizidwa kunja, ndipo ocepa cabe ndi amene anapeza mwayi. Kwa zaka zonsezi, wodwala wa ku Chama, wa ku Kaputa, wa ku Shang'ombo, onse akhala akubwela pa cipatala cimodzi ici. Muwelengele ya basi, ya cakudya, ya womudwazika, ndi wacibale wa ku Kanyama kapena ku Mtendere amene adzawagoneka pa sitting room kwa miyezi. Zaka zapitazi makina owocela atakalamba n'kuima, boma linafika potumiza odwala ena ku Tanzania pamene linali kukonza zoika atsopano. Nchito yomanga cipatala cina ca khansa ku Ndola ndi yofunika kuposa uthenga uliwonse wa mafuno abwino umene nduna ingalembe. Koma makina popanda anthu ndi citsulo cabe. Afuna madokotala a khansa, akatswili a physics oyeza mphamvu ya ceza, ndi mainjiniya. Anthu amenewa ndi omwe maiko olemela amawafuna, ndipo amalipila bwino.

Apa m'pamene ana athu a kunja angagwile nchito yeniyeni, tikawafunsa zoyenela. Kuyambila 2016 malamulo athu alola munthu kukhala nzika ya maiko awili, ndipo mu 2019 boma linakhazikitsa ndondomeko ya anthu a ku diaspora. Koma tikamakamba za diaspora, kambili timakamba za madola otumiza ndi maploti a ku Chalala. Wasayansi ali ndi zina zoposa ndalama. Angatenge mwana wa pa UNZA kapena pa CBU m'labu yake zaka zitatu. Angaike dzina la cipatala cathu pa pempho la ndalama za kafukufuku. Angaone zithunzi za zotupa pa kompyuta ali kutali n'kuthandiza dokotala wa ku Mansa. Ena acita kale zimenezi mwakacetecete, pa ndalama zawo, pa holide yawo. Mbali yathu ndi yakuti akabwela apeze khomo lotsegula, osati kuuzidwa kuti abwana ali ku workshop, bwelani mailo. Ndipo mwana uja akabwelako ndi PhD yake apeze nchito ndi labu yoyaka malaiti. Apo ayi, tamuphunzitsila Cape Town.

Kwa inu amai a envulopu ya khaki, ngati muwelenga izi kapena mdzukulu akuwelengelani: pepani kuti ndinakhala cete. Sopo uja kulibe ku Kamwala, kulibe ku City Market, kulibe ngakhale ku America. Wina akabwela ndi sopo, tiyi kapena mafuta n'kuti ni yamene ija ya pa Facebook, ndi wakuba, musamupatse olo ngwee. Tsiku limene adokotala analemba pa khadi lanu musalilumphe.

Ine, pokhala kuti ndakamba zambili, Lacisanu ndinapita pa kiliniki ya kwathu kukapimitsa, koyamba m'moyo wanga, ngakhale kuti nkhani ya viniga ndaidziwa kuyambila ku koleji. Sindinalipile kalikonse. Pa benchi tinalipo asanu ndi mmodzi, ndipo wina anathawa asanaitanidwe. Nesi anatenga nthawi yocepa kuposa imene timakhala pa Kulima Tower masana kudikila kuti basi idzale.